Lisiti likunena china, kompyuta ikunena china: waranti yowonjezera ili pa iti?

Munthu akabwera ndi laputopu yakufa pa sitolo pamene anagula waranti yowonjezera (lonjezo lolipira mwapadera loti adzaikonza waranti ya kampani yopanga ikatha), wolandira katundu sayamba ndi kufunsa kuti yatani. Amaitembenuza kaye, n'kuwerenga timalemba ta pa sitika ya kunsi kwake, kenako amayang'ana pa lisiti ndi pa pepala la waranti. Zilembo za mbali ziwirizo zikagwirizana, nkhani imapitirira. Zikasiyana ngakhale chimodzi, amaikankhira kwa mwini wake n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, imene munagula kuno si iyi." Apo n'kuti padutsa miyezi 14, waranti ya kampani yopanga itatha, mnyamata amene anagulitsa uja atasiya ntchito, lisiti nalo litafufutika moti chikuoneka ndi dzina la sitolo lokha.

Wolandira katunduyo sakuchita nkhanza. Waranti yowonjezera salembera munthu, ndipo salembera "laputopu ya HP yotuwa". Amalembera makina amodzi, odziwika ndi serial number yawo, nambala imene makina ena alionse alibe. Ngati pepala likunena makina ena, ndiye kuti ndalama zanu zikuteteza kompyuta imene ili m'nyumba ya munthu wina, kapena imene idakali pa shelefu. Ndiye pali milandu iwiri, ndipo ambiri amaluza chifukwa choiphatikiza. Woyamba ndi wa inu ndi wogulitsa: munalipira chinthu china, anakupatsani china. Wachiwiri ndi wa inu ndi mwini waranti: kodi kompyuta ili m'manja mwanuyi akuidziwa? Mlandu woyamba sudikira kuti kompyuta iwonongeke, ndipo umafooka tsiku lililonse limene mwakhala chete.

Kusiyanaku nthawi zambiri sikukhala kuba. Wa pa kauntala amalemba lisiti poyang'ana bokosi lachionetsero, wa ku sitoko n'kutulutsa bokosi lina la mtundu womwewo. Kompyuta ndi yomweyo, mphamvu zake zomwezo, koma serial number ina. Uku ndiye kosavuta kukonza, komanso n'kumene anthu sakuzindikira mpaka tsiku la tsoka, chifukwa palibe chokayikitsa. Kwina ndi kwa zam'kati: lisiti likuti processor (ubongo wa makina) ndi Core i7, RAM (memori yogwirira ntchito) 16 GB, SSD (disiki yosungira mafayilo) 512 GB, koma makinawo ndi Core i5 ya RAM 8 GB. Kampani imodzi imatulutsa makompyuta a dzina limodzi ndi chikuto chimodzi koma zam'kati zosiyana, moti ndi maso simungalekanitse. Palinso lisiti losanena kanthu, longolemba "Laptop 1" ndi mtengo. Malisiti a makina a EFD, amene MRA inayambitsa mu 2014, ntchito yawo ndi ya msonkho, ndipo kawirikawiri malo olembapo dzina la katundu amakhala ochepa. Lisiti lotere limatsimikiza kuti munalipira, koma silitsimikiza chimene munagula. Pemphani invoisi yapadera yokhala ndi dzina lonse la mtundu, product number (nambala ya mtundu wa makinawo) ndi serial number, yodindidwa ndi kusainidwa.

Koipitsitsa ndi kwa kompyuta yogwirapo ntchito yogulitsidwa ngati yatsopano, kapena yolumikiza ziwalo za makompyuta awiri. M'malaputopu a kaunjika ochokera kunja zimenezi n'zofala: chikuto cha kunsi chinasweka, anachotsa cha ina n'kuikapo, sitika n'kubwera nacho limodzi. Ndiye sitika ikunena nambala ina, motherboard (bolodi lalikulu la m'kati) ikunena ina. Kampani yopanga imakhulupirira ya mu motherboard.

N'chifukwa chake serial number muiwerenge malo atatu musanachoke pa kauntala, kapena madzulo a tsiku lomwelo ngati wakubweretserani ndi munthu. Pa bokosi, pa sitika ya kunsi, ndi m'kati mwa makina. Ya m'kati mumaipeza mu BIOS, tsamba la makonzedwe limene limatsegulidwa Windows isanayake: poyatsa, dinani F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad ya Lenovo. Ngati Windows yayaka kale, tsegulani PowerShell n'kulemba Get-CimInstance Win32_BIOS, ndipo mzere wa SerialNumber uoneka. Pa Mac ili pa About This Mac. A Dell nambalayi amaitcha Service Tag ndipo ili ndi zilembo ndi manambala 7. A HP amakhala ndi ziwiri, serial number ndi product number, ndipo yachiwiriyo ndi imene imaulula zam'kati. Kumapeto kwake kumakhala chizindikiro cha # ndi zilembo zitatu zonena msika umene anaipangira: ABA ndi America, ABU ndi Britain. Wogulitsa akamalumbira kuti katundu wake ndi wa msika wa kuno koma sitika ikuti ABA, mwadziwa kale kuti funso la waranti lifunika kufunsidwa kawiri. A Lenovo ali ndi MTM, imene imagwira ntchito yofanana ndi ya product number. Samalani ndi ziro ndi chilembo O, komanso 8 ndi B, chifukwa kalaliki wotopa amasokoneza pamenepa, ndipo chilembo chimodzi cholakwika pa pepala la waranti chimakwanira kukubwezani.

Mukatha apo, onani zam'kati. Dinani batani la Windows ndi R pamodzi, lembani msinfo32, muona dzina lenileni la makina, processor ndi RAM. Task Manager, pa Ctrl, Shift ndi Esc, imaonetsa ngati muli SSD kapena hard disk yozungulira. Dzina la processor liwerengeni lonse. "Core i5" payokha sinena kanthu: i5-6300U ndi ya 2015, i5-1235U ndi ya 2022, ndipo zonse ziwiri pa lisiti zikhoza kulembedwa "i5". Kusiyanaku kuli ndi mtengo wake, poti Windows 11 imalandira ma processor a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kupatula ochepa, pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okotobala 2025. Ngati anakuuzani kuti ndi yatsopano, lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt. Lipoti lake limaika pambali mphamvu imene batire linapangidwa nayo ndi imene likusunga lero. Batire latsopano manambala awiriwo amayandikana kwambiri. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene disiki yakhala ikuyaka. Kompyuta yochokera m'bokosi lomata siingakhale ndi maola zikwi.

Koma musathamangire kukalalata pa zinthu zimene si kusiyana. SSD ya 512 GB imaoneka ngati 476 GB mu Windows, ya 256 GB ngati 238 GB, ya 1 TB ngati 931 GB. Palibe wakuberani, ndi kawerengedwe chabe: opanga amawerengera m'ma 1,000, Windows imawerengera m'ma 1,024. RAM ya 8 GB ikhoza kulembedwa kuti yogwiritsika ntchito ndi 7.7 kapena 7.8 chifukwa gawo lina latengedwa ndi zojambula pa sikirini. Munthu wokafika pa sitolo ndi madandaulo oterewa amangodzichotsera ulemu, ndipo akadzabwera ndi dandaulo lenileni samumveranso.

Chotsatira ndi kulowetsa serial number ija pa tsamba la waranti la kampani yopanga. Dell, HP, Lenovo ndi Apple onse ali nalo, ndipo n'laulere. Limakuuzani mtundu wa makina monga anatulukira ku fakitale, tsiku limene waranti inayamba ndi limene ikutha. Apa pamatuluka chinthu chimene ogulitsa ambiri sanena. Makampani ambiri, ngati sanauzidwe tsiku logulira, amawerengera kuyambira pamene makinawo anachoka m'manja mwawo. Laputopu imene yakhala m'sitoko miyezi isanu ndi iwiri ikhoza kuonetsa kuti yatsala ndi miyezi isanu yokha pa chaka chake. Zimenezi zimakonzedwa potumiza umboni wogulira ku kampaniyo, koma umboniwo amafuna ukhale ndi dzina la sitolo, deti, ndi makina omwewo. Lisiti lonena kompyuta ina silingasunthe deti ngakhale ndi tsiku limodzi. Ndipo popeza waranti yowonjezera ya sitolo nthawi zambiri imayamba pamene ya kampani imayenera kuthera powerengera deti la pa lisiti, deti lolakwika limasiya mpata pakati: ya kampani yatha mwezi wachisanu, ya sitolo iyamba mwezi wa 13, kompyuta n'kufa mwezi wachisanu ndi chinayi, aliyense n'kuloza mnzake.

Dziwaninso kuti mwagula waranti ya mtundu wanji, chifukwa dzina ndi limodzi koma eni ake ndi atatu. Ina ndi ya kampani yopanga, monga HP Care Pack, Dell ProSupport kapena AppleCare+. Imeneyi imalembetsedwa pa serial number m'kaundula wa kampaniyo, ndipo ngati ili yeniyeni iyenera kuoneka pa tsamba lija pakapita masiku angapo. Ikapanda kuoneka, mwina wogulitsa sanailembetse, mwina anailembetsa pa makina ena. Ina ndi ya kampani ya inshulansi, imene sitolo imangogulitsa n'kudyapo gawo lake. Apa sitolo siingasinthe kalikonse payokha, iyenera kulembera eni ake, ndipo inu mufunika pepala latsopano lochokera kwa eni akewo. Yachitatu ndi ya sitolo yeniyeniyo, lonjezo lakuti adzakonza okha. Imeneyi ndi yosavuta kukonza pepala lake, komanso ndi imene imafa limodzi ndi sitolo ikatsekedwa. Kulipira iliyonse mwa zitatuzi musanayatse kompyuta n'kugula mbereko mwana asanabadwe. Nthawi zambiri palibe chokukakamizani kuigula tsiku lomwelo: AppleCare+ m'maiko ambiri amalola kuigula m'masiku 60, ndipo makampani ena amalola kuwonjezera nthawi iliyonse waranti yoyamba isanathe.

Nanga lamulo likuti chiyani? Ku Malawi, Sale of Goods Act imanena kuti katundu akagulitsidwa pofotokozedwa, ayenera kufanana ndi mafotokozedwewo. Limeneli si lonjezo lapambali, ndi msana wa mgwirizano, ndipo likathyoledwa wogula ali ndi ufulu wokana katunduyo n'kuitanitsa ndalama zake. Koma lamulo lomwelo limanena kuti munthu akasunga katundu nthawi yaitali osauza wogulitsa kuti akumukana, amatengedwa kuti wamulandira, ndipo chomutsalira ndi kupempha chipepeso cha kusiyana kwa mtengo. Silinaike chiwerengero cha masiku, limangoti nthawi yoyenera. Masiku atatu palibe angakutsutseni, miyezi isanu ndi itatu mudzatuluka thukuta. Palinso Consumer Protection Act ya 2003, komanso Competition and Fair Trading Act ya 2024 imene inalowa m'malo mwa ya 1998. Bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) limalandira madandaulo a ogula pa nkhani za kunamizidwa za katundu, ndipo lakhala likuchenjeza amalonda za zikwangwani zija zoti katundu akagulidwa sabwezedwa. Chikwangwani sichifafaniza lamulo.

Ambiri laputopu amaitumitsa kwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku Britain, ndipo pamenepo lamulo logwira ntchito ndi la kumene inagulidwa, komanso wodandaula ndi amene dzina lake lili pa lisiti. Ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008 imafuna kuti katundu afanane ndi mmene anafotokozedwera, ndipo gawo 56 limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wolakwika, iye mwini n'kusankha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Sitolo ikavuta, kuli ofesi yomva madandaulo a ogula ya Consumer Goods and Services Ombud. Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imapereka masiku 30 okana katundu wosafanana ndi mafotokozedwe n'kulandira ndalama zonse. Kumenekonso kuli lamulo la 2005 la mawaranti owonjezera pa zipangizo zamagetsi za m'nyumba: waranti yoposa chaka mukhoza kuithetsa m'masiku 45 n'kubwezeredwa zonse ngati simunaigwiritsepo ntchito, ndipo pambuyo pake amakubwezerani gawo la nthawi yotsala. Vuto ndi lakuti masiku 30 amatha laputopu idakali m'sutikesi kudikira wobwera kumudzi. Ndiye m'bale wanuyo aitsegule, aiyatse, awerenge manambala atatu aja konko asanaipakire. Afunsenso ngati waranti yowonjezerayo imagwira ntchito kunja kwa dzikolo. Ya sitolo nthawi zambiri imafuna kuti makina abwerere ku sitoloyo, ndipo mtengo wa basi yopita ku Joni ndi kubwerera ukhoza kuposa wa chiwalo chofunika kusintha.

Mukapeza kusiyana, choyamba ndi kusiya kuigwiritsa ntchito ngati mukufuna kuibweza. Musaitsegule, musawonjezere RAM, musasinthe SSD. Mukangomasula sikuluwu imodzi, mwapatsa wogulitsa yankho lakuti ndinu amene munachotsa RAM inayo. Jambulani ndi foni sitika ya kunsi, bokosi, sikirini ya BIOS, ya msinfo32, lisiti ndi pepala la waranti. Ngati munaona katunduyo pa Facebook kapena munakambirana mtengo pa WhatsApp, jambulaninso zimenezo lero lomwe, malonda aja asanafufutidwe. Uthenga wa Airtel Money, Mpamba kapena wa ku banki musaufufute, poti umatsimikiza deti ndi ndalama ngakhale lisiti litatayika. Kenako lembani kalata yaifupi, kapena uthenga umene udzasungike: tsiku logula, zimene lisiti likunena, zimene makina akunena, ndi chimene mukufuna. Pitani nayo, wina asaine pa kope lanu kuti walandira.

Chimene mukufunacho muchisankhe musanafike. Ngati makina ali otsika kuposa amene munalipira, mungafune enieniwo, kapena ndalama zonse pamodzi ndi za waranti yowonjezera, kapena kusunga amene muli nawo n'kubwezeredwa kusiyana kwa mtengo. Njira yachitatuyi ili ndi kamchira kamene anthu amaiwala: mtengo wa waranti yowonjezera nthawi zambiri umatengera mtengo wa katundu, ndiye ngati kompyuta yatsika mtengo, funsani ngati waranti nayo siyenera kutsika. Ngati vuto ndi nambala chabe, mufunika zinthu ziwiri, invoisi yokonzedwa ndi pepala la waranti lokonzedwa. Chimodzi chokha sichikwanira. Invoisi yatsopanoyo isunge deti loyambirira ndipo itchule nambala ya lisiti lakale. Musalole kuti angokhwatcha ndi cholembera pa lisiti popanda chidindo ndi saini, chifukwa kampani yopanga ikaona lisiti lokhwatchidwa imaliyesa lachinyengo.

Pali yankho limene mudzalimva kawirikawiri: "Musadandaule achimwene, ikadzavuta mudzangobwera, tikukudziwani." Wonenayo mwina akunena ndi mtima wonse. Koma waranti yowonjezera imayamba kugwira ntchito chaka chikatha, ndipo pa kauntala za masitolo anthu sakhalitsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Yankho lina ndi lakuti, "Imeneyo ndi nkhani ya waranti, isiyeni tiitumize akaione." Musavomere. Kompyuta siinawonongeke, palibe choti akaone. Mukaisiya pa fomu ya zokonza, nkhani yanu yasanduka ya kukonza, masabata n'kumapita, ndipo ufulu wokana katundu ukuzilala muli pa mzere wolakwika.

Nanga ngati mwalandira yabwino kuposa imene munalipira? Munalipira i5, m'bokosi mwatuluka i7. Mtima umati khala chete. Koma waranti yowonjezera munalipira ija ili pa i5 imene ili kwa munthu wina, ndipo serial number ya i7 yanuyo m'mabuku a sitolo ikuoneka ngati katundu wosagulitsidwa, mwinanso wosowa. Tsiku limene mudzapite nayo kokonzetsa, funso silidzakhala la waranti lokha. Kukanena kukhoza kukutayitsani i7, kapena angakupempheni kuwonjezera ndalama, kapena mwini sitolo angangokonza mapepala n'kukusiyirani. Mwa zitatuzi palibe choipa kuposa kukhala zaka zitatu ndi makina opanda umboni woti ndi anu.

Kwa amene wazindikira mochedwa, kompyuta itafa kale, njira ilipo koma ndi yokwera. Chofunika ndi kusonyeza kuti makinawa anachokeradi m'sitolo imeneyo. Sitolo yolongosoka imasunga ma serial number a katundu amene inalandira kuchokera kwa oipikulitsa, ndipo nambala yanu ikapezeka m'menemo, nambala ya pa lisiti lanu n'kupezeka kuti inapita kwa wina kapena idakali m'sitoko, kulakwa kwaonekera kuti n'kwawo. Bokosi loyambirira limathandiza ngati lili ndi sitika ya mtengo ya sitoloyo. Tsiku limene munalembetsa makinawo pa akaunti yanu ya kampani yopanga nalo ndi mboni. Mwini waranti akakanabe, bwererani kwa wogulitsa: anakugulitsani chitetezo chimene sichikanagwira ntchito pa katundu amene anakupatsani yekha, ndiye abweze ndalama za warantiyo kapena alipire kukonzako. Akakana, tengani mapepala onse mupite ku CFTC, kapena ku khoti la majisitireti.

Kusiyana kwina kumabadwa pambuyo, mwa njira yabwinobwino. Sitolo ikakusinthirani kompyuta yowonongeka ndi ina, serial number yasintha, ndipo waranti yowonjezera siitsatira yokha. Mapangano ena amati ikangosinthidwa kamodzi, waranti yathera pomwepo. Ena amalola kusamutsa nthawi yotsala. Werengani mzere umenewo musanavomere kusinthiridwa, ndipo mutuluke ndi pepala lonena nambala yakale ndi yatsopano. Chimodzimodzi akasintha motherboard: wokonza wovomerezeka amayenera kulembanso serial number yakale mu BIOS ya bolodi latsopano. Akaiwala, malowo amakhala opanda kanthu kapena amaonetsa zina. Yang'anani musanasaine kuti mwalandira. Wogula Dell yogwirapo ntchito imene waranti yake idakalipo adzaze fomu yosinthira umwini pa tsamba la Dell, imene imafunsanso dziko limene makinawo ali tsopano.

Ngakhale mapepala atakhala bwino, waranti yowonjezera ili ndi malire ake, ndipo ena amatikhudza kwambiri kuno. Batire nthawi zambiri limatetezedwa chaka chimodzi chokha ngakhale makina ali ndi zaka zitatu. Kugwa pansi ndi kutayikiridwa tiyi sizilowa pokhapokha mutagula yoteteza ngozi. Kupsa chifukwa magetsi abwera mwamphamvu atazima, kapena chifukwa cha mphenzi nthawi ya dzinja, mapangano ambiri amakukana, ndiye surge protector, chipangizo choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndi yofunika kuposa chaka chachitatu cha waranti. Mafayilo anu sali m'pangano lililonse: akasintha SSD, yakale imapita ndi zonse zili m'menemo, choncho koperani kaye musanaipereke.

Lisiti la pepala lopyapyala lija silinalembedwe ndi inki, linalembedwa ndi kutentha, ndipo kutentha komweko kumalifufuta. M'chikwama cha ndalama kapena pa dashibodi ya galimoto mwezi wa Okotobala silichedwa kufufutika. Musaliike m'makina omata pulasitiki, lidzada lonse nthawi yomweyo. Lijambuleni pa fotokope tsiku logula, lijambuleninso ndi foni litagona pambali pa sitika ya kunsi kwa laputopu kuti manambala onse awiri aoneke pa chithunzi chimodzi, n'kudzitumizira pa imelo. Lenilenilo liikeni mu envelopu pamodzi ndi invoisi ndi pepala la waranti, m'kabati mosafika dzuwa.